Makalata a omvera: kwa mtsikana wa ku Domasi wofuna kukhala loya wa oimba

Mukuti achimwene anu anaimbira bandi ina kwa nthawi yaitali, kenako anangouzidwa kuti asabwerenso, opanda ndi tambala yomwe, ndiye mukufuna mudzakhale loya wa oimba. Ndakondwa kwambiri, chifukwa oimba athu amadyeredwa masuku pamutu.

Sukulu yake simudzaifunafuna kutali. Zamalamulo amaphunzitsa ku University of Malawi, ku Zomba komweko. Koma dziwani kuti ntchitoyi ndi ya mapepala. Mudzawerenga lamulo la Copyright Act la 2016, mudzadziwe mmene bungwe la COSOMA limatolerera ndalama za oimba kuwayilesi ndi m'malo achisangalalo. Mudzawerenganso Employment Act ya 2000, poti woimba gitala m'bandi akhoza kukhala wantchito ngati wina aliyense, ndipo milandu yotere imakathera ku Industrial Relations Court. Povuta mpoti ambiri amangogwirizana pakamwa, ndiye loya amayamba watsimikizira khoti kuti panalidi ntchito.

Za achimwene anuwo, asadikire digiri yanu ayi. Lamulo limapereka miyezi 3 yokha yokadandaula kwa mkulu woona za ntchito m'boma. Apite ku Zomba sabata ino, atenge mauthenga a pafoni ndi mboni.