Kubzala ndi Kusamalira Udzu wa Pansi pa Madzi

M'madzi osaya a nyanja ya Malawi, pamalo pamene mchenga wasakanikirana ndi matope ndipo mafunde sawomba kwambiri, pamamera udzu wa masamba aatali, opyapyala, osaposa chala m'lifupi. Akatswiri a zomera amautcha Vallisneria, dzina limene Carl Linnaeus anaupatsa m'chaka cha 1753 pokumbukira Antonio Vallisneri, katswiri wa zachilengedwe wa ku Italy. Ku Ulaya ndi ku America anthu oweta nsomba m'matanki a galasi amachita kuugula m'masitolo, pamene kuno umangomera wokha. Udzuwu ndi wosavuta kubzala m'dziwe la pakhomo, la pasukulu kapena la pamalo ogona alendo, bola wobzalayo agwiritsitse mfundo imodzi: moyo wake wonse uli pansi pa madzi, choncho dzuwa likalephera kufika pansipo, palibenso china chingaupulumutse.

N'chifukwa chake ntchito imayamba ndi kusankha dziwe. Mlimi wa makumba amathira manyowa m'damu lake kuti madzi abiriwire, ndipo akapisa mkono mpaka m'chigongono n'kuona kuti chikhatho sichikuoneka, amadziwa kuti nsomba zili ndi chakudya. Madzi otere ndi abwino kwa makumba, koma kwa udzuwu ndi imfa. Umafuna madzi oyera, oti munthu ataima m'mbali aziona pansi. Kuya kwake kukhale pakati pa masentimita 30 ndi mita imodzi, ndipo dzuwa liziwomba padziwepo kwa theka la tsiku kapena kuposerapo. Dziwe la pansi pa mtengo wa mango silingathandize: mthunzi ndi wambiri, ndipo masamba ogwa amaola n'kudetsa madzi.

Madzi a nyanja ya Malawi si a asidi, pH yake imakhala cha pa 8, ndipo udzuwu unazolowera madzi a mtundu umenewu. Choncho madzi a pamjigo kapena a pachitsime nthawi zambiri amauyanja. A pampopi amakhala ndi klorini, ndiye ayambe akhala padzuwa masiku awiri asanalandire chomera chilichonse. Umakula bwino madzi akakhala ofunda, pakati pa madigiri 20 ndi 28. Kumalo ozizira monga Dedza ndi bwino kudikira kuti June ndi July adutse.

Kupeza mbande ndiye gawo lofunika kulichita modekha kwambiri. Njira yabwino ndi kupempha kwa munthu amene ali nawo kale m'dziwe kapena m'tanki yake, chifukwa udzuwu umachulukana msanga ndipo mwini wake amakhala ndi wotsala. Ku Cape Maclear ndi malo ena a Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, si kololedwa kuzula chomera chilichonse. Ngakhale kunja kwa malo otetezedwawa, munthu azule mbande zochepa chabe. Udzuwu ndi pothawirapo pa tiana ta nsomba, ndipo ku nyanja ya Malombe kukokakoka makoka pansi kunawononga zomera za m'madzi zambiri m'zaka zomwe chambo chinasowa kumeneko. Mbande khumi ndi zokwanira kuyambira.

Pali ngozi ina yomwe ambiri saiganizira: likodzo. Nkhono za mtundu wa Bulinus, zimene zimasunga tizilombo ta matendawa, zimakonda kukhala m'zomera za m'madzi osathamanga. Wozula mbande avale majombo ndi magolovesi. Akafika nazo kunyumba asathamangire kudziwe. Aziike m'ndowa ya madzi oyera pamalo owala kwa masabata awiri kapena atatu, akusintha madzi pakapita masiku angapo, akuchotsa nkhono iliyonse yomwe yaoneka. Mazira a nkhono amamatirira kumasamba, ndi oterera komanso oonekera mkati, ndipo amachoka akawapala ndi chikhadabo cha m'golovesi kapena kampeni. Madzi a m'ndowamo atayidwe pouma, osati m'ngalande. Nthawi yomweyi aonetsetsenso kuti palibe kachidutswa ka namasupuni komwe kabwera mobisala.

Tsopano dothi. Dziwe likakhala la simenti kapena loyala pepala la pulasitiki, udzuwu ubzalidwe m'mabeseni akale kapena m'mabasiketi, kuti zikhale zosavuta kuutulutsa pokonza dziwe. Pansi pa beseni paikidwe dothi lolemera la kudambo lokwana masentimita 5 mpaka 8, pamwamba pake mchenga wa kumtsinje wotsuka bwino masentimita awiri kapena atatu. Mchengawo umatsekera dothi kuti lisavunduke. Manyowa ndi feteleza wa m'munda asayandikire n'komwe, chifukwa chakudya chikasungunukira m'madzi woyamba kupindula ndi ndere, ndipo ndere zikachuluka zimaphimba kuwala.

Pobzala m'pamene anthu ambiri amalakwitsa. Mbande iliyonse ili ndi malo oyera pamene masamba amakumana ndi mizu. Mizu ilowe mumchenga, koma malo oyerawo akhale pamwamba, akuoneka. Akakwiririka, chomera chimaola kuyambira patsinde. Njira yosavuta ndi kuboola ndi chala, kulowetsa mbande mozama pang'ono, kenako kuikokera m'mwamba pang'onopang'ono mpaka poyerapo paonekere. Mizu yaitali kwambiri idulidwe kuti itsale ya masentimita anayi kapena asanu, masamba achikasu ndi othyoka achotsedwe, ndipo pakati pa mbande pasiyidwe mpata wa masentimita 10 mpaka 15. Ngati zikuyandama, timiyala tiwiri m'mbali mwa tsinde timazigwira. Ntchito yonseyi ichitike mwachangu, mbande zili zonyowa, pakuti masamba a chomera cha pansi pa madzi amauma m'mphindi zochepa akakhala pamphepo. Beseni litsitsidwe m'dziwe mopendeketsa pang'ono kuti madzi alowe mosavundula mchenga.

Masabata oyamba amayesa mtima. Masamba akale nthawi zambiri amafewa, kusanduka achikasu n'kusungunuka, ndipo munthu amaganiza kuti zonse zafa. Asazule. Mizu ikakhala yamoyo, pakati pa tsinde pamatuluka masamba atsopano ozolowera madzi a m'dziwemo. Ukakhazikika, udzuwu umatulutsa mphukira zoyanga m'mchenga monga amachitira kapinga, ndipo kumapeto kwa mphukira iliyonse kumamera kamwana. Kamwanako kasadulidwe msanga. Kayambe kakhala ndi masamba anayi kapena asanu ndi mizu yakeyake.

Nsomba zoika m'dziwemo zisankhidwe mwanzeru. Chilunguni chimadya zomera, ndipo chingamete beseni lonse m'masiku ochepa. Mlamba umavundula matope ndi kuzula mbande. Komabe dziwe lisakhale lopanda nsomba, chifukwa madzi odikha ndi poswera udzudzu. Tinsomba ting'onoting'ono monga matemba timadya mphutsi zake osawononga masamba. M'nyanja ya Malawi muli nsomba zomwe moyo wawo unalukana ndi udzuwu. Ina yotchedwa Hemitilapia oxyrhynchus imagwira tsamba m'kamwa n'kumapala ndere zomwe zamerapo, tsambalo n'kulisiya lathunthu. Ina, Dimidiochromis compressiceps, ndi yopyapyala thupi kotero kuti imabisala pakati pa masambawo podikirira tinsomba toti igwire.

Chisamaliro cha tsiku ndi tsiku si chambiri. Tsamba lokalamba lichotsedwe patsinde penipeni, chifukwa lodulidwa pakati limayamba kuola pabalapo. Ndere zaulusi zikaoneka, kamtengo kokhakhala kamazikulunga bwino; zikamabwerabwera, ndiye kuti nsomba zikupatsidwa chakudya chochuluka kapena madzi a mvula ochokera kumunda ndi kukhola akulowa m'dziwe, ndipo kamgula kozungulira dziwelo kamathetsa vutoli. Mankhwala opha ndere okhala ndi kopa amaphanso udzuwu, choncho asagwiritsidwe ntchito.

Udzu ukadzaza dziwe upatuliridwe. Masana umatulutsa mpweya wabwino, moti dzuwa likaswa mtengo timathovu timaoneka tikukwera kuchoka kumasamba, koma usiku nawonso umapuma mpweya womwewo pamodzi ndi nsomba. Nsomba zikamayasama pamwamba pa madzi m'bandakucha, ndiye kuti zomera zachulukitsa. Pafupifupi theka la dziwe lizikhala lopanda udzu.

Amene wasamala bwino amadzaona maluwa ake, omwe ndi odabwitsa ndithu. Chomera chachikazi chimatumiza duwa pamwamba pa madzi pakaphesi kakatali kopyapyala. Chachimuna chimamasula timaluwa tating'ono kwambiri pansi, timakwera n'kumayandama mpaka tikakhudze duwa lachikazi. Zikatero kaphesi kaja kamapotana n'kukokera chipatso pansi kuti chikakhwimire m'madzi. Dziwe lomwe mbande zake zonse zinachokera ku chomera chimodzi silibereka njere, koma mphukira zokha zimakwanira kulidzaza.

Udzu wopatulira usatayidwe mumtsinje kapena m'damu la anthu onse. Namasupuni, amene wakhala akutseka mtsinje wa Shire ndi kusokoneza makina opangira magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani, kwawo ndi ku South America ndipo anafalikira m'maiko ambiri ngati duwa lokongoletsa maiwe. Vallisneria wina wogulidwa m'masitolo ndi wa mitundu ya ku Asia, Australia kapena America, osati wa m'nyanja yathu. Wotsalawo munthu aupereke kwa mnzake amene ali ndi dziwe lotsekeka, apo ayi auyanike padzuwa mpaka uume, kenako auike pa mulu wa kompositi.