Amene sanasiyebe mankhwala ozunguza bongo nayenso ndi wa m'wodi mwathu

Nkhani ya mankhwala ozunguza bongo ikatchulidwa pa misonkhano ya makomiti a chitukuko a m'midzi ndi m'madera, mayankho amene amamveka kawirikawiri ndi awiri: apolisi awamange, kapena angosiya basi. Mayankho onsewa ali ndi malo ake. Komabe pakati pa tsiku limene munthu wayamba mankhwalawa ndi tsiku limene adzasiye pamadutsa miyezi, nthawi zambiri zaka, ndipo ndi m'kati mwa zaka zimenezi mmene anthu amatenga matenda, kuvulala ngakhalenso kumwalira. Phunziro la m'kope lino likunena za nthawi ya pakatiyi, ndi zimene achibale, mafumu, makhansala ndi azaumoyo angachite kuti munthu adzafike pa tsiku losiyalo ali moyo.

Akatswiri a zaumoyo amaitcha njirayi kuchepetsa ngozi. Tanthauzo lake nlakuti thandizo silidikira kuti munthu ayambe wasiya. Limayambira pamene munthuyo ali lero. Maganizo ake ndi omwe aja amene timatsata pouza wa kabaza wa njinga yamoto kuti azivala chipewa choteteza mutu. Chipewa sichithetsa ngozi za pamsewu, koma wogwa atachivala amadzuka.

Tinene poyera kuti zimenezi sizikusintha lamulo. Lamulo la Dangerous Drugs Act likugwirabe ntchito, ndipo lamulo lokhudza chamba la m'chaka cha 2020 linangololeza ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhala ndi ziphaso. Kusuta chamba kapena kugulitsa m'misika ndi mlandu mpaka pano. Wogulitsa ndi nkhani ya apolisi. Amene tikukamba pano ndi mwana wathu amene wakodwa.

Njirayi si yachilendo kwa anansi athu. Dziko la Tanzania linatsegula kiliniki ya mankhwala a methadone pa chipatala cha Muhimbili mumzinda wa Dar es Salaam m'chaka cha 2011, ndipo Kenya inatsatira mu 2014. Methadone ndi mankhwala akumwa operekedwa ndi achipatala tsiku lililonse kwa amene anazolowera heroin. Amaziziritsa chibaba ndi ululu wa m'thupi umene munthu amamva akasowa heroin, motero munthuyo safunikanso kudzibaya, ndipo amatha kugwira ntchito ndi kusamala banja. Pachilumba cha Mauritius anayamba kupereka methadone ndi majakisoni atsopano m'chaka cha 2006, ataona kuti ambiri mwa otenga kachilombo ka HIV kumeneko ankakatenga pobwerekana majakisoni. Jakisoni wogwiritsa kale ntchito amasunga timagazi, ndipo timagazi timeneto tikhoza kunyamula HIV komanso kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis C. Nchifukwa chake bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa njira ziwirizi.

M'mawodi mwathu zimene timaziona tsiku ndi tsiku ndi chamba, kachasu ndi mowa wina waukali wotchipa, komanso mankhwala a chifuwa ndi mapiritsi ogonetsa amene achinyamata ena amamwa kuti aledzere. Apa ndi pamene tikhalitsepo, chifukwa moyo wa munthu umapulumuka kapena kutayika m'manja mwa amene ali naye pafupi.

Choyamba kudziwa nchakuti kusakaniza ndiko kumapha msanga. Mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, mapiritsi ogonetsa monga diazepam, ndi mowa, zonsezi zimachedwetsa kupuma. Zikakumana m'thupi limodzi, munthu akhoza kusiya kupuma ali mtulo. Achibale ambiri akamva mkonono waukulu amati mlekeni agone, mowa uthe m'mutu. Koma ngati munthu sakudzuka pomugwedeza ndi kumuitana, akupuma mwa apo ndi apo, kukhosi kukumveka ngati mwatsekeka, kapena milomo yasintha mtundu, ameneyo sali m'tulo wamba. Mugonekeni chammbali, bondo la pamwamba litapindika ndipo nkhope itapendekera pansi, kuti akasanza masanzi asalowe m'mapapo. Musamumwetse madzi, mkaka kapena phala, ndipo musamukakamize kusanza. Musamusiye yekha. Pezani njira yopita naye ku chipatala msangamsanga.

Mukafika ku chipatala, nenani zoona zokhazokha za zimene wamwa, ndipo ngati botolo kapena pepala la mapiritsi lilipo, litengeni. Ambiri amabisa poopa manyazi kapena apolisi, ndipo dokotala amataya nthawi akufufuza malungo. Pali mankhwala otchedwa naloxone amene amabwezeretsa kupuma m'mphindi zochepa kwa munthu amene wapyola muyezo wa codeine, heroin kapena mankhwala ena a mtundu umenewo, koma dokotala adziwe kaye chimene akulimbana nacho.

Mowa wosadziwika kumene wachokera uli ndi ngozi yakeyake. Ambiri tikukumbukira anthu amene anamwalira ku Blantyre m'chaka cha 2024 atamwa mowa wotchedwa Ambuye Ntengeni. Munthu akamwa mowa wotere nkuyamba kuona zinthu mwachimbuuzi, kumva mutu kwambiri kapena kupuma mwaphuma, ngakhale patapita tsiku, athamangire ku chipatala, ndipo onse amene anamwa naye limodzi apitenso.

Pali chinanso chimene mabanja amachita ndi mtima wabwino koma chili choopsa: kutsekera m'nyumba kapena kumanga ndi chingwe munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse kuti asiye kamodzinkamodzi. Thupi limene linazolowera mowa likausowa mwadzidzidzi limanjenjemera, munthu akhoza kugwa ngati wa khunyu, kuona zinthu zomwe palibe, mwinanso kumwalira. Kusiya kotere kumafuna kuyang'aniridwa ndi achipatala. Pa chipatala cha boma pali ogwira ntchito oona za matenda a m'maganizo amene angathandize kapena kutumiza wodwala ku chipatala cha Zomba Mental, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala.

Pa nkhani ya chamba, chiopsezo chodwala matenda a m'maganizo chimakula kwa amene ayamba ali aang'ono ndi amene amasuta tsiku lililonse. Mnyamata amene wachepetsa kusuta wasuntha phazi, ngakhale sanafike. Kholo limene limangoona kuti sanasiye, osaona kuti wachepetsa, limamubweza m'mbuyo.

Mawu oti thandizo lifikire aliyense ndi osavuta kunena pa msonkhano. Tifunse kuti ndani amene amatsala. Mwamuna woledzera amasekedwa, koma mayi woledzera amatchulidwa mayina, motero amamwera m'nyumba, ndipo akakhala woyembekezera amazemba sikelo poopa kukalipiridwa. Pamenepo ovutika ndi awiri. Mtsikana wogwira ntchito m'malo omwera mowa amafunika kudziwa kuti makondomu ndi mankhwala a PrEP oteteza ku HIV ndi akenso, ndiponso kuti akagwiriridwa kapena akagonana mosadziteteza ataledzera, mankhwala a PEP amathandiza akayambidwa pasanathe maola 72. Munthu wosamva sangaumve uthenga wa pa chimkuzamawu. Wotuluka kundende ali pa chiopsezo chapadera, chifukwa thupi lake linaiwala muyezo wakale, ndipo akabwerera pa muyezo womwewo ukhoza kumupha. Amene ali pa ma ARV nkumamwanso mowa asauzidwe kuti asankhe chimodzi, chifukwa ambiri akauzidwa choncho amasiya mankhwalawo. Apitirize kumwa ma ARV tsiku lililonse pamene akulimbana ndi mowawo.

Alipo amene amati njira imeneyi ndi kulekerera. Nkhawa yawo ndi yomveka, makamaka kwa amene anaberedwa mbuzi kapena foni ndi mnyamata wofuna ndalama ya chamba. Woba ayankhe mlandu wa kuba. Koma kupitikitsa munthu m'mudzi, kumuchotsa m'kaundula wa ntchito zachitukuko kapena kumuchititsa manyazi pabwalo sikuchotsa chibaba m'thupi mwake. Kumangomusamutsira kumsika wa patsidya, kumene palibe amene angamugoneke chammbali usiku. Ine ndimaona kuti mudzi umene wapitikitsa mwana wake umakhala utangopatsira vuto mudzi woyandikana nawo, umenenso uli m'boma lomweli.

Mbali imene makomiti athu amaiwala kwambiri ndi kumva kwa eni ake. Timakonza misonkhano yokamba za achinyamata osuta chamba, mipando nkudzaza ndi anthu amene sanasutepo. Komatu amene akugwiritsa ntchito mankhwalawa, ndi amene anasiya, ndiwo amadziwa mowa watsopano umene wafika pamsika, mnzawo amene sakuoneka masiku ano, ndi chimene chimawaopsa pakhomo la chipatala. Uthenga wochokera kwa mnzawo amaumvera kuposa wa mlendo wovala tayi. Pa msonkhano wotsatira wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwanu, pemphani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti adzaonetse anthu kagonekedwe ka chammbali kaja, ndipo muitane eni mabala, ophika kachasu ndi anyamata a pa siteji ya kabaza, chifukwa munthu akakomoka usiku amene amakhala naye pafupi ndi iwowo.