Kutchuna ndi Kusamalira Piyano ya Nsambo

Piyano ya masiku ano, yomwe inachokera ku chida chimene Bartolomeo Cristofori anapanga ku Florence cha m'ma 1700, imakhala ndi makiyi 88 ndi nsambo zachitsulo pafupifupi 230, ndipo nsambozo pamodzi zimakoka chimango chake ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa matani 18 kapena kuposerapo. Chimene chimasokoneza mawu ake kwambiri ndi chinyezi, chifukwa thabwa lopyapyala limene limakuza mawu a nsambo limafufuma m'dzinja, nsambo n'kukungika, mawu n'kukwera, kenako likauma m'chilimwe mawuwo amatsika.

Motero ntchito imayambira pa malo oikapo piyano. Iyenera kukhala patali ndi zenera, dzuwa, moto wa kukhitchini ndiponso khoma limene limanyowa, m'chipinda chimene chinyezi chake chili pakati pa 40 ndi 50 peresenti, ndipo ikangosamutsidwa ndi bwino kuisiya milungu iwiri kapena itatu kuti matabwa azolowere mpweya watsopano. Kutchuna kumafunika kawiri pachaka, ndipo m'dziko ngati Malawi nthawi yabwino ndi pamene mvula yakhazikika komanso pamene kwauma ndithu. Piyano yatsopano imafuna katatu kapena kanayi m'chaka choyamba popeza nsambo zake zimakhala zikutamukabe.

Wotchuna amafunika sipanala yapadera yogwirira zikhomo zachitsulo zimene nsambo zimakulungidwapo, timphira tosongoka totsekera nsambo kuti zisalire, ndi kachitsulo kamphanda kamene kakamenyedwa kamatulutsa liwu limodzi losasintha, kapena pulogalamu ya pafoni yoyezera mawu. Pulayala kapena sipanala wamba zimaperepesa zikhomo, choncho zisayandikire n'komwe. Wotchuna amayambira pa kiyi ya A imene ili pamwamba pa C yapakati, yomwe nsambo zake ziyenera kunjenjemera ka 440 pa sekondi. Popeza makiyi ambiri ali ndi nsambo zitatu, iye amatseka ziwiri za m'mbali n'kusiya yapakati yokha, ndipo asanapotoze kalikonse amalondola nsamboyo ndi chala mpaka pa chikhomo chake, chifukwa amene wagwira chikhomo cholakwika amangopitiriza kukunga posamva kusintha, mpaka nsambo ina n'kuduka.

Luso lenileni lili pa kukhazika chikhomo. Sipanala imasunthidwa pang'ono kwambiri, moti maso sangaone bwino kuti yayenda, ndipo liwu limakwezedwa kupitirira pang'ono pamene likufunika, kenako n'kulibweza mofatsa, uku kiyi ikumenyedwa mwamphamvu kangapo kuti kukungika kufalikire mofanana m'nsambo yonse. Chikhomo chimene changopotoka pamwamba osatembenuka m'thabwa lake chimabwerera chokha, ndipo ntchito yonse imawonongeka pa nyimbo yoyamba.

Kuchokera pa A, wotchuna amakonza makiyi 12 apakati mwa njira yogawa mtunda wochokera pa do kufika pa do wina m'magawo 12 ofanana, imene imachititsa kuti do ndi so ziyandikane pang'ono kuposa mmene kwaya imaziimbira, n'cholinga choti nyimbo izimveka bwino poyambira pa kiyi iliyonse. Akatero amatsegula nsambo za m'mbali imodziimodzi n'kuzifananitsa ndi yapakati. Nsambo ziwiri zikasiyana pang'ono, khutu limamva liwu likugwedera, ndipo kugwederako kumachepa liwiro pamene zikuyandikana mpaka kutheratu. Makiyi otsala, okwera ndi otsika omwe, amatchunidwa powayerekeza ndi anzawo apakati a dzina lomwelo. Piyano imene yakhala zaka osakhudzidwa imayamba yakwezedwa yonse mwachisawawa, kenako n'kuitchuna kachiwiri mosamala, popeza kukunga nsambo zina kumatsitsa zimene zakonzedwa kale.

Pakati pa nthawi zotchunira, makiyi azipukutidwa ndi kansalu konyowa pang'ono, ndipo pamwamba pasamaikidwe maluwa a m'madzi kapena kapu ya tiyi. M'kati muzisuzumiridwa kawirikawiri, chifukwa njenjete zimadya ubweya wa tinyundo tomenya nsambo, makoswe amamangamo zisa, ndipo chiswe chimalowera kumiyendo. Mafuta asathiridwe pa zikhomo ngakhale zitachita dzimbiri, pakuti chikhomo choterera sichigwiranso nsambo. Nsambo yoduka, chikhomo chokhwepa ndi thabwa long'aluka ndi ntchito ya mmisiri wophunzira, osati ya mwini piyano.