Malangizo: Musanagule Galimoto Yoyendera Tsiku ndi Tsiku

Mukafuna galimoto yaing'ono yopitira kuntchito, musakopeke ndi mtengo wokha. Funsani kaye kukula kwa injini. Ya 1500cc, ngati ya Toyota Axio, siimwa mafuta ambiri, ndipo masipeya ake savuta kupeza ku Limbe kapena ku Lilongwe. Galimoto ya mtundu wosowa, ngakhale ikongole bwanji, ikafa imagona pagalaja miyezi kudikira kachitsulo kamodzi.

Suzumiraninso kunsi kwake. Ikakhala yotsika kwambiri, maenje ndi mahampu a m'misewu yathu azingoikhula.

Ngati mukuitanitsa ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, werengeranitu msonkho wa MRA ndi inshulansi. Mukamagula konkuno, musapereke ndalama makaniko wanu asanaiyendetse.