Du Chisiza Jr: Moyo Wake, Zisudzo Zake ndi Funso la Chiyankhulo

Mawu Oyamba

Pa 24 Febuluwale 1999 dziko la Malawi lidataya Dunduzu Chisiza Junior, mlembi, mtsogoleri komanso katswiri wochita zisudzo, yemwe anthu ankangomutchula kuti Du. Iye adamwalira ali ndi zaka 35 zokha. Patangotha masabata asanu, pa 1 Epulo, wailesi yakanema ya Television Malawi idatsegulidwa. Choncho munthu yemwe adakweza zisudzo za pansanja m'dziko muno sadakhale ndi mwayi woonetsa luso lake pa kanema wa dziko lake lomwe.

Cholinga cha chimangirizo chino ndi kufotokoza mbiri ya Du, ntchito yomwe adagwira, ndiponso kuunika chiyankhulo chomwe adasankha. Mfundo yaikulu ndi yakuti Du adatsimikizira Amalawi kuti zisudzo ndi ntchito yomwe munthu angathe kudyerapo, koma Chingerezi chomwe chidamupatsa msika m'tauni ndi chomwenso chidamutalikitsa kwa anthu akumudzi monga a ku Guilleme m'boma la Mchinji.

Banja Lomwe Adabadwiramo

Du adabadwa pa 26 Malichi 1963 m'banja lochokera ku Karonga. Bambo ake, a Dunduzu Kaluli Chisiza, adali mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress Party ndiponso mmodzi mwa atsogoleri omwe adamenyera ufulu wodzilamulira. Iwo adamwalira m'mwezi wa Sepitembala 1962 galimoto lawo litagwera pamlatho wa Thondwe, pamsewu wa pakati pa Blantyre ndi Zomba. Izi zikutanthauza kuti Du adabadwa bambo ake ataikidwa kale m'manda, ndipo adangowadziwira m'dzina lomwe adamusiyira ndi m'nkhani zomwe ankamva kwa anthu.

Mbale wa bambo akewo, a Yatuta Chisiza, adali nduna m'boma la Dr Hastings Kamuzu Banda mpaka pa mkangano wa nduna wa m'chaka cha 1964, pomwe adathawira kunja. Mu Okutobala 1967 iwo adabwerera ndi gulu la anthu onyamula zida ndipo adaphedwa pomenyana ndi asilikali a boma. Motero dzina loti Chisiza lidali lolemera kulisenza: mbali ina lidali la ngwazi ya ufulu, mbali ina la munthu yemwe boma linkamutcha chigawenga. Wofuna kumvetsa chifukwa chomwe masewero a Du ankabwererabwerera ku nkhani za ulamuliro ayenera kuyambira pamenepa.

Kuchokera Kusukulu Kufika pa Wakhumbata

Luso la Du lidaonekera ali pasukulu ya sekondale ya Henry Henderson Institute ku Blantyre. M'chaka cha 1982 sewero lomwe adalemba ndi kulitsogolera, The Deceased's Attack, lidapambana pa mpikisano wa zisudzo wa sukulu za sekondale m'dziko lonse. Mpikisanowu unkakonzedwa ndi bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM, ndipo cholinga chake chidali kuthandiza ophunzira kuyankhula bwino Chingerezi. M'chaka chotsatira Du adayambitsa gulu la Wakhumbata Workshop Theatre, kenaka adapita ku America komwe adakaphunzira zisudzo mumzinda wa Philadelphia.

Atabwerako mu 1987 adakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre. Gululi limadziwika ngati gulu loyamba m'Malawi lomwe lidatenga zisudzo ngati ntchito yeniyeni. Nthawi imeneyo anthu ambiri ochita zisudzo adali ophunzira, aphunzitsi kapena ogwira ntchito m'maofesi omwe ankakumana akaweruka. Du adasintha kaganizidwe kameneka. Gulu lodalira ndalama za pakhomo liyenera kukhala ndi sewero latsopano pafupipafupi, liyenera kulengezetsa, kulipira holo, kupeza galimoto yoyendera ndiponso kupatsa atengambali kangachepe. Likapanda kukoka anthu, limagona ndi njala. N'chifukwa chake Du sankapuma: adalemba masewero oposa 20 m'moyo wake waufupiwo, ndipo holo ya French Cultural Centre ku Blantyre, yomwe lero ndi Blantyre Cultural Centre, idasanduka ngati kwawo kwa Wakhumbata.

Kuyankhula Mokuluwika

Masiku amenewo sewero silinkaonetsedwa popanda chilolezo. Lamulo la m'chaka cha 1968 lidapatsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi zisangalalo mphamvu zowerenga sewero lililonse, kuchotsamo mawu kapena kuliletseratu. Mlembi yemwe ankafuna kudzudzula boma ankayenera kubisa mfundo zake m'mafanizo ndi m'zining'a, monga achitira mkamwini wofuna kudandaula pamaso pa apongozi.

Sewero la Papa's Empire la m'chaka cha 1990 ndi chitsanzo chabwino. Mutu wake wokha umakamba za ufumu wa "bambo", ndipo m'dziko lomwe mtsogoleri ankatchedwa tate wa fuko, oonera sankafunika wowamasulira. Ndale zitayamba kusintha, Du adayamba kuyankhula mosapsatira. Mu 1993, chaka cha referendamu ya pa 14 Juni, adaonetsa Democracy Boulevard, sewero lounika ndale za zipani zambiri. Padalinso Tatuya Futi: tikasinthanitsa maphatikizo a dzina loti Tatuya tipeza Yatuta, dzina lomwe kwa zaka zambiri anthu ankaopa kulitchula pagulu. Masewero ena odziwika ndi monga Educating Mwalimu ndi Barefoot in the Heart.

Chomwe chidadabwitsa anthu n'chakuti m'chaka chomwecho cha 1993 Du adavomera kukhala nduna yoona za achinyamata, masewera ndi chikhalidwe m'boma la Dr Banda, lomwe lidagwa pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994. Pambuyo pake adalowanso chipani cha United Democratic Front. Ena amati uku kudali kusiya mfundo zomwe ankalalikira pansanja, pomwe ena amati ankafuna kuthandiza aluso ali mkati mwa boma. Chomwe tingaphunzirepo n'chakuti wazisudzo wodzudzula atsogoleri amakhala pachiyeso chachikulu atsogoleriwo akamuitanira kumphika.

Chifukwa Chiyani Chingerezi?

Masewero ambiri a Du adali m'Chingerezi. Pali zifukwa zitatu zomwe tingaganizire.

Choyamba ndi maphunziro. Mbewu ya zisudzo zake idamera pa mpikisano wa ATEM ndipo idakakulira ku America. Chingerezi ndicho chida chomwe adachinola kuyambira ali mnyamata.

Chachiwiri ndi msika. Anthu omwe akadatha kulipira pakhomo kawirikawiri adali ogwira ntchito m'tauni ndi ophunzira a m'sekondale ndi m'makoleji. Kwa anthu otere, kuonera sewero la Chingerezi kudalinso chizindikiro cha kuphunzira.

Chachitatu ndi ndale za ziyankhulo. Mu 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pawailesi ndi m'sukulu. Kwa mwana wa banja la kumpoto, Chichewa sichikadaoneka ngati chiyankhulo chopanda mbali. Chingerezi, ngakhale chidali cha atsamunda, chidali bwalo lomwe Mtumbuka, Myao, Mlomwe ndi Mchewa wophunzira akadakumanapo popanda wina kudziona ngati mlendo.

Zifukwa zonsezi n'zomveka, komabe sizichotsa funso lakuti uthenga wa Du udafika kwa yani. Tiyeni titenge chitsanzo cha dera la Guilleme, lomwe dzina lake lidachokera kwa Episkopi Mathurin Guillemé wa chipani cha White Fathers. Kuderali kuli mishoni, sukulu ndi chipatala, ndipo anthu ambiri ndi alimi a chimanga, mtedza ndi fodya. Anthu amenewa si alendo pa zisudzo. Gule Wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, ali ndi zilombo zomwe zimanyogodola waulesi, chidakwa, mzungu ngakhale wolamulira wankhanza. M'matchalitchi achinyamata amachita masewero pa nyengo ya Khirisimasi ndi Pasaka. Kusiyana kwake n'kwakuti zonsezi zimachitika m'chiyankhulo cha eni mudzi ndipo palibe tikiti. Mlimi wa ku Guilleme ankamva ululu wa khadi ya chipani ndi mitengo yotsika ya mbewu kuposa kalaliki wa ku Blantyre, koma sewero lomwe linkadzudzula ulamuliro womwe unkamupsinjawo lidali m'chiyankhulo chomwe iye sakadachitsatira bwino.

Omwe adamufikira mlimiyu ndi ena. Wailesi ya MBC inkaulutsa masewero a Chichewa monga Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino. Gulu la Kwathu, lomwe lidayamba mu 1980, lidasankha Chichewa, ndipo John Nyanga ndi Eric Mabedi, odziwika kuti Izeki ndi Jakobo, adatchuka mpaka kumidzi yakutali. Gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College nalo lidayamba kupita kumidzi ndi masewero a Chichewa m'zaka za m'ma 1980. Sitikunena kuti njira imodzi idaposa inzake pa luso. Tikungoona kuti chiyankhulo chimasankhiratu oonera sewero lisadayambe n'komwe.

Zomwe Zidachitika Kwina

Vuto limeneli si la Malawi yekha. Ku Kenya, Ngũgĩ wa Thiong'o adalemba mabuku odzudzula boma m'Chingerezi kwa zaka zambiri osamangidwa. Koma mu 1977, atakonza sewero la Ngaahika Ndeenda m'Chigikuyu pamodzi ndi anthu wamba a ku Kamiriithu, boma lidaletsa sewerolo ndi kumutsekera m'ndende popanda kuzengedwa mlandu. Apa tikuona kuti olamulira amaopa kwambiri sewero lomwe anthu wamba akulimva.

Dziko la Ireland, lomwe nalonso lidalamulidwapo ndi Britain, lili ndi phunziro lina. Nyumba ya zisudzo ya Abbey Theatre, yomwe idatsegulidwa ku Dublin mu 1904, idatchuka ndi masewero a Chingerezi okamba za moyo wa anthu a ku Ireland. Mu 1928 ku Galway kudatsegulidwa An Taibhdhearc, nyumba yochitira masewero m'chiyankhulo cha makolo awo. Kumeneko ndiko kudayambira Siobhán McKenna, mayi yemwe adamasulira sewero la Saint Joan la George Bernard Shaw m'chiyankhulo chakwawo ndi kulichita, asadakalichitenso m'Chingerezi ku London ndi ku New York. Pambuyo pake adaoneka m'mafilimu monga Doctor Zhivago ya mu 1965. Moyo wake ukusonyeza kuti wazisudzo sakakamizidwa kutaya chiyankhulo chimodzi kuti atchuke ndi chinzake.

Zomwe Adasiya

Du atamwalira, Gertrude Webster Kamkwatira adatsogolera Wakhumbata kwa kanthawi, kenaka adayambitsa gulu lake la Wanna-Do. Iye adalemba masewero monga It's My Fault ndi Jesus' Retrial asadamwalire mu 2006. Mwana wa Du, Thlupego Chisiza, adatsata mapazi a bambo ake, ndipo mu 2011 apolisi adamugwira ku Blantyre chifukwa cha sewero lake lotchedwa Semo, ponena kuti lidalibe chilolezo. Izi zidaonetsa kuti lamulo la 1968 lidali likulumabe ngakhale mu ulamuliro wa zipani zambiri.

Kanema yemwe Du sadamuone adatsegulira ena makomo. Michael Usi adatchuka ndi dzina loti Manganya m'sewero la Chichewa la Tikuferanji, ndipo adadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko kuyambira mu 2024 mpaka mu 2025. Shemu Joyah adajambula mafilimu monga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat. Mu 2019 filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yomwe idajambulidwa ku Kasungu, boma loyandikana ndi Mchinji, idamveketsa Chichewa kwa oonera a m'maiko ambiri, mawu omasulira akulembedwa m'munsi. Zimenezi zikutsutsa maganizo akuti luso lofuna kupita kutali liyenera kuvala Chingerezi.

Mawu Otsiriza

Taona kuti Du Chisiza Jr adabadwira m'banja lomwe ndale zidalisiyira mabala, adakulira m'zisudzo za Chingerezi za m'sukulu, ndipo adasandutsa zisudzo kukhala ntchito yolemekezeka. Taonanso kuti chiyankhulo chomwe adasankha chidamupatsa oonera olipira, koma chidasiya kunja anthu ambiri omwe masewero akewo ankawayankhulira.

Pamenepa pali ntchito yomwe ikudikira ife ophunzira ziyankhulo. Masewero a Du angathe kumasuliridwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, mogwirizana ndi a kubanja kwake omwe ndi eni ake a ntchitoyo. Ntchitoyi si yophweka, pakuti womasulira ayenera kupeza zining'a ndi nthabwala za kwathu zomwe zingaluma monga zidalumira za Chingerezi. Ikatheka, wailesi za m'madera monga Mudzi Wathu ya ku Mchinji zingathe kuwaulutsa, ndipo ophunzira a ku Guilleme angathe kuwachita pabwalo la sukulu makolo awo akumva liwu lililonse. Ambiri mwa makolowo adakhalamo mu ulamuliro womwe Papa's Empire inkanena, ndipo ndi iwo omwe angaweruze bwino ngati Du adanena zoona.