KARIMELI: MWINI MUNDA NDANI?

Mau owerenga: 1 Mafumu 18, Levitiko 23:9-14.

Makolo sanali kucha malo dzina popanda cifukwa. Mzinda wa Chipata, umene kale unachedwa Fort Jameson, unatenga dzina lace ku mpata wa pakati pa mapiri. Magwero, kumene amisyoni a Dutch Reformed anayamba nchito m'caka ca 1899, ndi dzina lonena za kumene madzi ayambira. Momwemonso Ahebri anacha mapiri ao maina okhala ndi ciphunzitso, ndipo limodzi la mainawo ndilo Karimeli.

Tanthauzo la dzinali

Karimeli ndi mtandadza wa mapiri m'dziko la Israyeli, wotsikira ku Nyanja Yaikuru pamene pali mzinda wa Haifa. Nsonga yace yoposa zonse ifika mamita 546. Mphepo zocokera kunyanja zimadza ndi mame ndi mvula, cotero mitengo yace ikhala yobiriwira ngakhale pamene zigwa zauma. Pa Cihebri mau akuti karimeli atanthauza munda wa zipatso, nthaka yobala bwino, ndipo ali paubale ndi mau akuti kerem, ndiwo munda wamphesa. Mlimi wa kuno akadaliyerekeza ndi dimba losauma m'mwezi wa October. Cifukwa cace Yesaya, pofuna kunena za cipululu cimene Mulungu adzacikongoletsa, anachula Karimeli (Yesaya 35:2). Ndipo Amosi, pofuna kunena za cilango coopsa, ananena za kuuma kwa nsonga yace (Amosi 1:2). Karimeli akauma, ndiye kuti palibe munda wina wotsala.

Mlandu wa paphiri

Mfumu Ahabu anakwatira Yezebeli, mwana wa mfumu ya Asidoni, ndipo cipembedzo ca Baala cinakula m'Israyeli. Dzina lakuti Baala litanthauza mwini, kapena mbuye. Ndipo ompembedza anakhulupirira kuti mvula, mabingu ndi zokolola ziri m'manja mwace. Aisrayeli ambiri sanataye Yehova kotheratu ai. Anaganiza kuti Yehova ndiye anawaturutsa m'Aigupto, koma za kumunda mwini wace ndi wina. Pamenepo mvula inaleka zaka 3 ndi miyezi 6 (Yakobo 5:17).

Tsono Eliya anaitanira mtundu wonse ku phiri lochedwa Munda, kuti mlandu wa umwini wa munda uweruzidwe pomwepo. Anawadzudzula cifukwa ca mitima iwiri, monganso akuru anena kuti mapanga awiri abvumbwitsa. Aneneri a Baala 450 anapfuula kuyambira m'mawa, nabvina, nadzitema ndi mipeni, koma panalibe woyankha. Eliya anamanganso guwa la nsembe logumuka ndi miyala 12, monga mwa mafuko a Israyeli, nauza anthu athire madzi pansembe, mitsuko 4 katatu, m'nyengo imene madzi anali cuma. Moto unatsika, nunyeketsa zonse, ndipo anthu anagwa nkhope pansi nabvomereza kuti Yehova ndiye Mulungu. Atatero, mnyamata wa Eliya anayang'ana kunyanja kasanu ndi kawiri, naona kamtambo konga dzanja la munthu, ndipo mvula yaikuru inagwa. Tsatanetsatane wace ndi wofunika: guwa linayamba kukonzedwa, mvula inadza pambuyo.

Tanthauzo laciwiri

Mau omwewo akuti karimeli ali ndi tanthauzo lina m'Cilamulo: ngala zaziwisi za tirigu watsopano. Pa Levitiko 23:14 Mwisrayeli analetsedwa kudya karimeli kufikira atapereka mtolo woyamba kwa Mulungu. Ndipo pa 2 Mafumu 4:42-44 munthu wina anatengera Elisa mikate 20 ndi karimeli, zoyamba za m'munda mwace, m'masiku a njala. Anthu 100 anadya, nizitsalako.

Anthu a ku Chipata sabvutika kumva lamuloli. Caka ndi caka, kumapeto kwa February, Angoni amasonkhana ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala, pamene Inkosi ya Makosi Mpezeni alawa zoyamba kuca za m'minda. Mwambowu unaleka Angoni atagonjetsedwa ndi Azungu m'caka ca 1898, nuyambikanso m'caka ca 1980. Makolo anadziwa kuti cimanga caciwisi coyamba sicithyoledwa cisawawa, pakuti munda uli ndi wamkuru woposa wogwira khasu. Malembo achula Wamkuruyo dzina, nanena kuti zoyamba ndi zace.

Phunziro kwa mlimi

Funso la pa Karimeli limadza kwa Mkristu kawiri. Lidza poyamba m'caka ca cirala, monga ca 1992 ndi ca 2024, pamene cimanga cinafota cisanabereke. Pamenepo ena amene aimba m'kacisi tsiku la Sabata apita usiku kukaombeza ula, kapena kukafuna mankhwala okhwimira munda. Munthu wotere ali ndi Baala wace, ngakhale sanamve dzinalo. Lidzanso m'caka ca dzinthu zambiri, pamene nkhokwe yadzala, ndipo mwini wace anena mumtima kuti ndi khasu langa, ndi ng'ombe zanga, ndi feteleza wanga. Pa tsiku la zopereka za masika abwera ndi kambale ka cimanga cofumbwa, natsekera mkazi wamasiye wa pamudzi khomo. Uyunso waiwala Mwini munda.

Eliya sanaphunzitse ulesi ai. Munda ulimidwe pa nthawi yace, mbeu isankhidwe, udzu upaliridwe, mitengo ya m'mapiri isathe ndi makala, pakuti wosunga munda wa mwini ayenera kuusunga bwino. Koma mlimi akagwira zonsezi, kamtambo sangakapange ndi iye.

Cifukwa cace banja liri lonse lidzifunse pa kuyamba kwa caka: Kodi guwa la pemphero m'nyumba muno liri ciriri, kapena lagumuka? Kodi dengu loyamba la zokolola lipita kuti? Pa mayankho awiriwa padzaoneka amene banjalo limyesa mwini munda wace.