Mfuti yoyamba ya m'manja: iyeseni musanalipire

Ku South Africa laisensi ya mfuti imalembedwa pa mfuti imodzi yokha, ndi nambala yake yomwe. Mumayamba mwasankha ndi kulipira kusitolo, mfutiyo n'kutsala komweko pamene apolisi akuunika mapepala anu, ndipo kudikirako kumatenga miyezi. Tsiku lokaitenga mukapeza kuti sikukwana m'dzanja, kapena ikukupwetekani powombera, simungaibweze ngati nsapato yothina. Mudzayambiranso mapepala. Choncho ntchito yaikulu ya munthu wofuna mfuti yodzitetezera ndi yophunzirira kuwombera chandamale imachitika ndalama zisanatuluke m'thumba.

Yambani mwadziwa ngati lamulo likukulolani n'komwe. Firearms Control Act ya 2000 imafuna kuti mukhale ndi zaka 21 kapena kuposerapo, ndipo mukhale nzika ya dzikolo kapena munthu wokhala ndi chilolezo chokhazikika. Abale athu ambiri ali ku Joni ndi mapepala a ntchito kapena a sukulu, ndipo kwa iwo nkhani imathera pamenepa. Wina akakuuzani kuti ali ndi njira yachidule kukomboni, dziwani kuti akukugulitsani mlandu wokhala nawo zaka zambiri m'ndende. Amene ali ku England, Scotland ndi Wales asavutike n'kuwerengera ndalama, chifukwa mfuti zambiri za m'manja zinaletsedwa kumeneko mu 1997, pambuyo pa kuphedwa kwa ana asukulu ku Dunblane mu 1996. Ku Malawi chilolezo chimachokera kupolisi, ndipo malamulo ake ndi ena. Zimene ndikunena za mapepala pano ndi za ku South Africa, koma za kasankhidwe ka mfutiyo zimagwira kulikonse.

Chisanafike chilichonse cha kusitolo, kambiranani kunyumba. Ngati m'banja mumamenyana, ngati pali wina amene anayamba wanenapo zodzipha, kapena ngati inuyo mowa umakulamulirani Loweruka lililonse, mfuti idzaopseza a m'nyumba momwemo kuposa mbava. Apolisi nawonso amafunsa za khalidwe lanu kwa anthu okudziwani, ndipo mbiri ya nkhanza za m'banja ikhoza kukulepheretsani.

Kenako pitani kukaphunzira kwa aphunzitsi ovomerezeka. Mudzalemba mayeso a za lamulo ndi a kagwiridwe ka mfuti ya m'manja, n'kuwomberanso pamaso pa mphunzitsi. Satifiketi imene mudzalandire mupite nayo kupolisi ya m'dera lanu, kwa wapolisi woona za mfuti amene amatchedwa Designated Firearms Officer, ndipo mudzadzaza fomu ya SAPS 517 yopempha chiphaso chosonyeza kuti ndinu woyenera. Fomu ya laisensi yeniyeniyo ndi SAPS 271. Ambiri amaona maphunzirowa ngati chopinga chongofunika kudumpha, koma pamenepa ndi pomwe mungagwire mfuti zosiyanasiyana pali munthu wodziwa pambali panu. Mufunseni akuonetseni zonse zimene ali nazo.

Malamulo anayi achitetezo, amene anatchuka ndi mphunzitsi wa ku America Jeff Cooper, muwadziwe musanakhudze mfuti iliyonse. Mfuti iliyonse muitenge kuti ili ndi chipolopolo. Musalozetse mlomo wake pa chinthu chimene simukufuna kuwononga. Chala chisakhudze trigger, kachitsulo kokoka powombera, kufikira mutalozetsa pachandamale ndipo mwatsimikiza zowombera. Ndipo dziwani chimene mukuwomberacho ndi chimene chili kuseri kwake. Lachinayili dziko lonse linaona kulemera kwake mu February 2013, pamene Oscar Pistorius anawombera pachitseko chotseka cha chimbudzi m'nyumba mwake ku Pretoria n'kupha Reeva Steenkamp. Pistorius anati ankaganiza kuti muli wakuba. Mu 2015 khoti la apilo linamupeza wolakwa pa mlandu wakupha.

Tsopano kukula kwa mfuti, pomwe ambiri amasochera. Munthu wachilendo akalowa m'sitolo, maso amathamangira kamfuti kakang'ono kolowa m'thumba, poganiza kuti kakang'ono ndiye kosavuta. Zoona zake n'zosiyana. Chipolopolo chikamatuluka, mfuti imakankha m'mbuyo, ndipo mphamvu imeneyo ikapeza chitsulo chopepuka imathera m'dzanja lanu. Glock 43 imalemera pafupifupi theka la kilogalamu ndipo imatenga zipolopolo 6. CZ 75 yachitsulo imafika cha pa kilogalamu imodzi. Zonsezi zimawombera chipolopolo chimodzimodzi cha 9mm, koma yoyambayo imadumpha m'manja pamene inayo imangogwedezeka. Kuwonjezera apo, kamfuti kakang'ono kali ndi chogwirira chachifupi moti chala chaching'ono chimalendewera, ndipo tizitsulo tiwiri toyang'anira chandamale timakhala toyandikana, kotero kulakwitsa pang'ono polozetsa kumasanduka kuphonya kwakukulu patali. Munthu amene mfuti yake imamupweteka amasiya kupita kokayeserera. Amayamba kuphethira ndi kukankhira mlomo wa mfuti pansi asanawombe, ndipo chizolowezi chimenechi chimavuta kuchichotsa. Zimandinyansa kuona ogulitsa ena akupatsa amayi timfuti totere ati chifukwa ndi amayi, chonsecho timfuti timeneti timafuna dzanja lozolowera kwambiri.

Yaikulu kwambiri nayonso ili ndi vuto lake. Lamulo limati mukayenda nayo pagulu ikhale mu holster, kathumba kake komangirira pathupi, kapena m'chikwama, ndipo ikhale yophimbika yonse. Mfuti yolemera ndi yaitali, m'chilimwe cha ku Durban mutavala shati yokha, idzayamba kutsala kunyumba. N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri amaloza zapakati. Glock 19, ya ku Austria, yomwe inatuluka mu 1988, imatenga zipolopolo 15 ndipo ndi yofupikirako kuposa Glock 17. CZ P-10 C ya ku Czech Republic ndi ya msinkhu womwewo, ndipo Smith & Wesson, Canik ya ku Turkey ndi Taurus ya ku Brazil ali nazonso zawo. Sindikukusankhirani dzina. Ndikuti yambirani pa msinkhu umenewu, ndipo mutsike kapena mukwere pokhapokha dzanja lanu litakana.

Za chipolopolo sindichedwapo. 9mm Parabellum, yomwe anaipanga Georg Luger kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndi imene apolisi ndi asilikali a mayiko ambiri amagwiritsa ntchito. Imapezeka m'sitolo iliyonse ya mfuti, mtengo wake ndi wotsikirako poyerekeza ndi .40 kapena .45, ndipo kukankha kwake munthu wamba amakupirira. Kachipolopolo ka .22 n'kabwino pophunzirira chifukwa n'kotchipa ndipo sikakankha, koma n'kofooka pa nkhani yodziteteza. Mikangano ya m'mabala yoti chachikulu ndi chiti ingoisiyani. Chipolopolo chachikulu chophonya sichikuthandizani.

Nanga pistol kapena revolver? Revolver ili ndi chigubu chozungulira cholowa zipolopolo 5 kapena 6, ndipo kuona ngati ili ndi kanthu n'kosavuta: mwatsegula, mwaona. Ya .357 Magnum imawomberanso .38 Special, chomwe n'chofatsirapo, kotero mukhoza kuphunzirira chofatsacho. Kuipa kwake, trigger yake ndi yolimba ndi yaitali, ndipo wachilendo amagwedeza mfuti yonse poikoka. Pistol imatenga zipolopolo zambiri m'magazini ndipo trigger yake ndi yofewerako, koma imafuna kuti muzitha kukoka slide, chitsulo chapamwamba chija, komanso mudziwe chochita ikakakamira. Ilinso ndi msampha umene wavulaza anthu ambiri: kuchotsa magazini sikutanthauza kuti mfuti yatha zipolopolo, chifukwa chimodzi chimatha kutsalira m'mpope. Chotsani magazini kaye, kenako kokani slide, muyang'ane m'katimo ndi maso. Wokalamba kapena wodwala nyamakazi ayese zonse ziwiri, chifukwa ena amalephera slide pamene ena amalephera trigger ya revolver.

Mukatsala ndi mayina atatu kapena anayi, pitani kumalo owomberako ovomerezeka kumene amabwereketsa mfuti. Ndalama ya tsiku limeneli ndi imene imapulumutsa zina zonse. Valani zotseka m'makutu ndi magalasi, pakuti kulira kwa mfuti ya m'manja kumafika cha pa 160 decibel ndipo khutu likawonongeka silichira. Musanawombe, mfuti ili yopanda kanthu ndipo yaloza kotetezeka, igwireni mmene mphunzitsi wakuonetserani. Nsonga ya chala cholozera ifike pa trigger popanda kupotoza dzanja. Ngati mukuchita kusuntha chikhatho kuti mufikire, chogwirira chakukulirani. Mfuti zambiri zatsopano zimabwera ndi tizidutswa tosinthira kunenepa kwa chogwiriracho, ndiye funsani. Yesani kutulutsa magazini ndi chala chachikulu. Kokani slide kangapo motsatizana. Amanzere aone ngati mabatani akufikirika kumbali yawo.

Kenako womberani iliyonse zipolopolo zofanana, pa mtunda wofanana, monga mamita 7, aliyense pepala lakelake. Lembani dzina la mfuti papepalapo. Mukamaliza yalani mapepalawo muone pamene mabowo aunjikana. Kawirikawiri imene inakongola m'galasi la sitolo si imene yaunjika bwino, ndipo apa mverani pepala. Dzifunseninso ngati mungawombere nayo zipolopolo 50 popanda kufuna kuisiya.

Yogwiritsidwa kale ntchito si yoipa. Z88, yomwe inapangidwa ku South Africa komweko motengera Beretta 92 ndipo apolisi akhala nayo zaka zambiri, imapezekabe, ngakhale ndi yaikulu kwa wa dzanja laling'ono. Ingoonetsetsani kuti wokonza mfuti waiyang'ana, kuti magazini ndi zipangizo zake zikupezeka, ndipo kuti zonse zikudutsa m'mapepala a apolisi. Mfuti ya malemu amalume siikhala yanu chifukwa choti munaipeza m'sutikesi.

Powerengera ndalama musaike zonse pa mfuti. Pakufunika bokosi lachitsulo lokhoma logwirizana ndi muyezo wa SABS 953-1, lomangiriridwa kukhoma kapena pansi, ndipo apolisi amafuna umboni wake. Pakufunika holster yolimba yophimba trigger yonse, lamba wokhoza kunyamula kulemerako, zotsukira, ndi zipolopolo zoyeserera mwezi ndi mwezi. Kuli bwino mfuti ya mtengo wapakati ndi ndalama yotsala ya maphunziro, kusiyana ndi yodula imene idzangogona m'bokosi. Kiyi wa bokosilo akhale ndi inu nokha. Ana amadziwa malo onse obisa zinthu m'nyumba, ndipo pamwamba pa wadirobu si pobisika.

Pa fomu mudzasankha gawo la lamulo. Gawo 13 ndi la kudziteteza: limalola mfuti imodzi, ndipo laisensi yake imatha pakapita zaka 5. Gawo 15 ndi la osaka nyama ndi ochita masewera owombera mwa apo ndi apo, ndipo laisensi yake imakhala zaka 10. Pa Gawo 13 mumalemba kalata yofotokoza chifukwa chimene mukufunira mfuti ndi chifukwa chake njira zina sizikukwanira. Lembani za moyo wanu weniweni: dera limene mumakhala, nthawi imene mumaweruka, misewu imene mumadutsa, manambala a milandu imene munakanena kupolisi. Makalata okopera kwa anzanu apolisi anawaona kale ambirimbiri. Mfuti ya Gawo 13 mukhoza kupita nayo kokayeserera, ndipo mumaloledwa kusunga zipolopolo zosaposa 200 pa mfuti iliyonse.

Ikafika m'manja mwanu, bwererani kwa mphunzitsi mwezi womwewo. Kunyumba mukhoza kuyeserera kukoka trigger mfuti ili yopanda kanthu, koma zipolopolo zikhale m'chipinda china, ndipo muione kawiri musanayambe. Phunziraninso malire a lamulo. Limalola kudziteteza pamene moyo wanu kapena wa munthu wina uli pangozi nthawi yomweyo, ndipo mphamvu imene mwagwiritsa ntchito iyenera kulingana ndi ngoziyo. Kuwombera munthu amene akuthawa ndi wailesi yanu kukhoza kukulowetsani inuyo m'ndende. Kulozetsa mfuti munthu popanda chifukwa chomveka ndi mlandu, ngakhale ilibe chipolopolo, ndipo kuigwira mutaledzera ndi mlandunso. Ikabedwa kapena kutayika, kanenenani kupolisi pasanathe maola 24. Tsiku lothera laisensi lilembeni pamalo oonekera, chifukwa pempho loiwonjezera liyenera kufika kupolisi kutatsala masiku osachepera 90.